Pikapu ya Malizani Yokana Chitunda

Malizani wa kwa Dzoole anali mlamu wanga, ndipo ndinene poyera kuti zaka zambiri sindinkamuwerengera. Anali munthu wa ngolo. Ntchito yake inali kututa za eni: chimanga kuchoka kumunda, njerwa za tchalitchi, mabelo a fodya kupita nawo kumsewu wa tala. Ng'ombe zake ziwiri ankalankhula nazo kuposa mmene ankalankhulira ndi anthu. Ukamupatsa moni ankayankha ngati wamudzutsa kutulo, koma akafika pakhola umumve akucheza, akuzifunsa ngati zagona bwino. Munthu wotereyu ndiye anabwera kwathu ku Ntchisi, kuseri kwa phiri, kudzafunsira mlongo wanga Manesi, mkazi amene kuseka kwake kunkamveka tsidya lina la dambo. Mpaka lero sindidziwa chimene Manesi anaona mwa iye.

Kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi. Malizani anakhala pachikamwini kanthawi kochepa, kenaka anatuma ankhoswe ake kudzapempha chitengwa, ati ngolo yake ilibe ntchito m'mapiri mwathu. Ine monga nkhoswe ya Manesi ndinakana. Amayi ndiwo anavomera, koma anaika mawu pamaso pa ankhoswe onse.

"Mwana wanga mwamutenga akuyenda," anatero amayi. "Akadzadwala mudzabwere naye akupuma, ndidzamudwazike ndi manja angawa. Musadzandibweretsere bokosi."

Kwathu amenewa si mawu ocheza. Mtengwa akafera kwa mwamuna abale ake asanamudwazike, mwamunayo amakhala ngati wataya mwana wa eni, ndipo nkhani yake siitha msanga. Malizani anawomba m'manja n'kuvomera.

Chaka chotsatira chisankho cha matipate anthu tinayamba kulota masana. Fodya wa bale, amene kale ankalimidwa kumaesiteti okha, anafika m'minda ya anthu wamba. Matola, amene kale tinkakwera mobisa ngati taba, anayamba kuima poyera pa Mponela n'kumaitanira anthu. Malizani ankaimitsa ngolo yake pambali pa msewu, fumbi la mapikapu likumuwaza kumaso, iye n'kumangoyang'ana. Tsiku lina anagulitsa ng'ombe zonse ziwiri, ngolo, goli ndi tcheni chomwe, anaphatikiza za fodya wa chaka chimenecho, n'kukagula pikapu kwa mkulu wina amene ankatseka esiteti yake cha ku Kasungu. Chiwongolero ankachidziwako pang'ono, poti anaphunzirako pa thirakitala ya esiteti nthawi ina ali paganyu.

Pikapuyo inapangidwa dziko lino likutchedwabe Nyasalande. Mtundu wake sunkadziwika, poti aliyense amene anakhalapo nayo anapakako penti yakeyake. Chitseko cha dalaivala chinali chomanga ndi malegeni, ndipo ukakhala kutsogolo unkaona msewu ukudutsa kunsi kwa mapazi ako. Pathanki ya petulo panalibe chitsekerero, choncho Malizani anatsekapo ndi chitsononkho cha chimanga, monga tonse timatsekera botolo la palafini. Anthu a kwa Dzoole anaipatsa dzina loti Ankhalamba. Iye sankaseka nawo. Ankaipukuta m'mawa uliwonse ndi chiguduli, akuilankhula monga ankachitira ndi ng'ombe zija.

Masabata oyamba inayenda ndithu, kuchoka kumudzi kupita pa Mponela, njira yopanda mapiri. Kenaka inayamba khalidwe lachilendo. Pachidikha inkathamanga bwinobwino, koma ikangodzutsa mutu pachitunda inkatsokomola, kunjenjemera, n'kuzima. Ukaikankhira kumbuyo pamalo abwino n'kuisiya ipume, inkalira ngati palibe chimene chachitika. Okwera anatopa ndi kulipira kuti azikankha galimoto ya mwini, ndipo anaithawa.

Nthawi yomweyo ndiyo Manesi anagwa mphasa. Anayamba ndi chifuwa, kenaka kutsegula m'mimba, kenaka kuonda kumene masiku amenewo tinkangokuona osakutchula dzina. Anamugoneka kuchipatala cha Mtengowanthenga, achipatala anayesetsa, ndipo pomaliza anauza Malizani mwaulemu kuti apite naye kumudzi akakhale ndi abale ake. Uthenga unatifika kudzera kwa wogulitsa tomato wina wa panjinga. Amayi miyendo inali itawakana kale, ngakhale pakaliyala ya njinga sakanatha kukhala. Anangondiyang'ana. Ndinapopa matayala n'kunyamuka.

Unali mwezi wa Okotobala, chaka cha chilala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinafika kwa Dzoole pakhosi pali gwa. Pabwalo panali pikapu boneti ili yasa, miyendo ya munthu itatulukira kunsi kwake. Sindinaipatse moni miyendoyo. Ndinalowa m'nyumba, momwe Monika, mlongo wake wa Malizani, ankapatsa wodwala phala ndi kasupuni. Ndikanapanda kumva mawu sindikanadziwa kuti amene wagona pamphasayo ndi Manesi. Dzanja lake ndinalizinga lonse ndi zala ziwiri.

"Achimwene, mwabwera ndi chiyani?" anandifunsa.

"Njinga."

Anayesa kuseka, chifuwa chinamugwira. Chitaleka anati, "Ndifuna amayi. Musandisiye kuno, achimwene. Abambo akunowa akuyesetsa, koma ine ndikudzimva ndekha."

Ndinatuluka maso atadzaza misozi ndi ukali pamodzi. Ndinamenya mudigadi ya pikapu ndi chikhatho mpaka dzimbiri linayoyokera mwini wake kumaso. Anatuluka chokwawa, nkhope ili bii ndi oyilo.

"Alamu, mwafika?"

"Ndafika. Ng'ombe zili kuti, alamu? Ngolo ili kuti? Munagulitsa zamoyo n'kukagula mtembo wa chitsulo, lero mlongo wanga akuthera m'nyumbamo inu muli chagada kunsi kwa dzimbiri!"

Anangopukuta sipanala pa buluku lake n'kunena kuti mawa iyenda.

Musaganize kuti sitinayese njira zina. M'mawa mwake ndinapalasa kupita pa Mponela kukapempha a matola. Woyamba anandifunsa ngati wodwalayo akutha kukhala tsonga. Nditati ayi, anapukusa mutu: munthu akafera m'galimoto ya matola, anthu amaiopa, ndipo apolisi a pamsewu safuna kumva zambiri. Wachiwiri anati njira ya kwathu imadya masipuling'i. Wachitatu anatchula mtengo woti ndimuleke, ndipo ndinamulekadi. Ngolo za anansi zinalipo, koma ng'ombe zinali mafupa okhaokha ndi chilala, ndipo ulendo wa ngolo kuchoka kwa Dzoole kukafika kuseri kwa phiri la Ntchisi, padzuwa limenelo, ukanamumaliza Manesi tisanafike n'pakati pomwe. Chimene chinatsala ndi Ankhalamba basi.

Choncho nanenso ndinavula malaya n'kulowa m'gulu la okonza galimoto, ine mlimi wa kachewere amene sindinkasiyanitsa batire ndi wailesi. Malizani anakatenga makaniko wina pa Mponela, dzina lake Benjamini, bambo wa ndevu amene ankayenda ndi masipanala m'thumba la feteleza. Benjamini anamvetsera injini ataika khutu pa sikuludilaiva, n'kunena kuti ndi mapulagi. Anawamasula, anawawotcha pamakala, anawapala ndi msasa, n'kuwabwezera. Tinaitana amuna a m'mudzi kudzakankha, poti batire inali itafooka. Injini inalira mokoma, azimayi a m'mudzi anaimba nthungululu. Tinapita kukaiyesa pakachitunda kotulukira kudambo, pamene pali mtengo wa muwanga. Itafika pamuwangapo inatsokomola n'kuzima.

Tsiku lotsatira Benjamini anati ndi mapointi. Linalo anati ndi kabuleta, ndipo anaimasula yonse n'kuyala tizitsulo take pa lichero la Monika, nkhuku zikufuna kutijompha. Anatitsuka ndi petulo, anauzira timabowo ndi pakamwa, anabwezera. Pamuwanga inazima. Ndiye anati basi palibenso china, ndi pampu yokoka mafuta, ndipo yake yeniyeni ingapezeke kwa ophwasula magalimoto ku Lilongwe. Malizani anagulitsa wailesi, mbuzi ya Manesi ndi jekete lake lopita nalo kutchalitchi, n'kukwera basi. Anabwerako ndi pampu yokulungidwa m'nyuzipepala, ataifungatira ngati khanda. Tinaimanga, tinakankha, inalira. Pamuwanga inazima.

Benjamini anatola masipanala ake n'kuwabwezera m'thumba. Anali munthu woona mtima. Anati, "Bambo Malizani, moto ulipo, pampu ikukoka, kabuleta ndi yoyera. Zimene ndimadziwa ine zathera pamenepa. Mwina mufunse kwina."

Kwina kumeneko aliyense ankakudziwa. M'mudzi munali mutayamba kale manong'onong'o akuti galimoto yozima pamtengo umodzimodzi si nkhani ya sipanala. Ena ankati mwini wake wakale anaikhwimira kuti isachoke m'dera lake, ena ankati alipo amene sakufuna kuti Manesi akafike kwawo. Azakhali ake a Malizani anabwera ndi kansupa m'mpango. Malizani anali mkulu wa mpingo, munthu woti dzina la sing'anga sankalitchula n'komwe. Ndinamuona ataima pakati pa azakhali akewo ndi pikapu. Kenaka anachoka n'kupita kuseri kwa nkhokwe, kuwasiya awaze zimene anabwera nazo pamatayala. Atabwerako anagwada, anaika manja onse awiri paboneti n'kupemphera mokweza, misozi ikudontha pachitsulo chotentha. Munthu madzi akafika m'khosi sasankha mtengo wogwira. Tinakankhanso, ndipo pamuwanga inazima monga mwa masiku onse.

Manesi analeka kulandira phala. Ankangonyambita madzi pansalu. Monika ananditengera pambali n'kundiuza kuti mapazi ayamba kuzizira, ndipo iye anadwazikapo anthu, akudziwa tanthauzo lake. Mantha amene ndinali nawo tsiku limenelo sindinakhalepo nawo m'moyo mwanga. Ndinkaona ndikulowa m'mudzi mwathu wapansi, amayi ali pakhonde akuyang'ana kumbuyo kwanga kuti mwana wawo ali kuti.

Amene anadula nkhani anali Manesi mwini wake. Anatiitana tonse awiri, mawu ake ngati a mwana.

"Abambo, mawa tinyamuke. Ikazima muzikankha. Ndikafera panjira ndiye kuti ndafera kopita kwathu."

Tinanyamuka kutangocha. Kumbuyo kwa pikapu tinayala udzu, pamwamba pake matiresi, n'kumugoneka Manesi mutu uli pamiyendo ya Monika. Tinakwezanso njinga yanga, zigubu za madzi ndi mwala waukulu wotchingira tayala. Pamuwanga amuna a m'mudzi anatikankha mpaka pamwamba, n'kutsala ataima duu, zipewa zili m'manja. Pa Mponela tinathira petulo wogulitsidwa m'zigubu mpaka thanki kudzaza, Malizani anatsekapo ndi chitsononkho chatsopano, ndipo tinakhota kulowa msewu wafumbi wopita ku Ntchisi.

Tizitunda toyamba tinatidutsa ndi liwiro. Malizani ankaithamangitsa potsetsereka kuti ikwere ndi mphamvu yomweyo, ikayamba kutsokomola tili kale pamwamba. Paliponse pokhala bampu ndinkamva Manesi akubuula, ndipo ndinkatukwana Malizani kuti achepetse, iye osandimvera. Koma amene anayendapo msewu umenewo akudziwa kuti kutsogolo kuli zitunda zosati n'kuzinyengerera. Pachitunda chachikulu choyamba Ankhalamba anakwera mpaka pakati, anatsokomola, n'kuzima. Ndinadumpha n'kuponya mwala kutayala.

Panalibe mudzi pafupi, panalibe wokankha. Dzuwa linali litakwera, chitsulo cha pikapu chikuotcha ngati chiwaya. Manesi ankapuma ndi pakamwa, milomo itang'ambika. Ndinatenga chikwanje n'kukadula nthambi za msuku ndi za mango a pamunda wa eni, tinazimangirira m'mbali monse mwa pikapu n'kuzikumaniza pamwamba kuti zimupatse mthunzi. Monika ankamukupiza ndi chitenje, akumuimbira pansipansi nyimbo za kuchigwirizano.

Malizani anatsekula boneti, anayang'ana, anatseka. Anatsekulanso. Munalibe chimene sanachigwirepo kale. Ndinamuona akuzungulira galimoto ngati nkhuku yofuna poikira, kenaka anakhala pansi pafumbi n'kugwira mutu.

"Alamu," anatero, "ndapha mwana wa eni."

Ndinkafuna kumuuza kuti inde, mwapha. Mawu anali kale pamlomo. Koma munthuyo anali atatha, masaya atalowa, maso ali psuu, ndipo ndinazindikira kuti masiku onsewa sindinamuone akudya.

"Dzukani, alamu. Kulira tikalira kwathu. Ng'ombe ikakana kukoka munkayamba kuiona pati?"

"Pakamwa," anayankha. "Ngati yadya, ngati yamwa."

Anadzuka pafumbi paja. Kenaka analowa kunsi, anamasula paipi yochokera kuthanki pamene imalowera mupampu, anaiika pakamwa n'kuyamwa. Sipanatuluke kanthu. Anayamwanso mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Thanki inali yodzaza, koma paipi inali youma. Kumudzi kuja ankaiyesa paipi imeneyi galimoto ili pabwalo, pamalo abwino, ndipo petulo ankatuluka bwinobwino. Palibe anaganizapo zoiyesa pachitunda pomwe yazimirapo, poti ikazima tonse tinkathamangira kuikankhira pansi.

Anakoka mpweya n'kuyamwa kachitatu ndi mphamvu zake zonse. Chinachake chinazuka, petulo anamuthira m'kamwa ndi m'mphuno, anatsamwa, analavulira m'dzanja. Anatuluka akutsokomola n'kutambasula chikhatho. M'menemo munali tinyenyeswa tofiirira tonga gaga wonyowa, ndi kachidutswa kena kokhala ndi timaenje m'mizere. Mlimi aliyense akanakazindikira.

"Chitsononkho," ndinatero.

Anayang'ana pathanki, pamene chatsopano chija chinali chitatsekapo. Anachigwira, ndipo chinali chitafewa kale kunsi kwake, chikunyenyeka.

"Chikasowa ndinkayesa chagwera panjira," anatero pang'onopang'ono. "Ndinkangoikapo china. Alamu, zonse zija zili m'katimu."

"Zingati?"

"Kuyambira tsiku limene ndinaigula."

Ndinaseka, Mulungu andikhululukire, ndinaseka mlongo wanga ali pakati pa moyo ndi imfa. Wailesi, mbuzi, jekete, nsupa ya azakhali, mapemphero, zonsezo chifukwa cha zitsononkho zimene kwathu timasonkhera moto. Kuseka kwakeko kunathera m'kulira.

Kudziwa nthenda sikunali kuchira. Kuti titsuke thanki panafunika kuimasula, ndipo mabawuti ake anali atagwirana ndi dzimbiri kuyambira nthawi ya atsamunda. Ngakhale tikanaimasula, petulo tikanamukhuthulira kuti, ndipo tsiku likanathera pomwepo. Malizani anabwezera paipi, anamanga pakamwa pa thanki ndi pepala la pulasitiki ndi legeni. Ndinachotsa mwala, anaitsetsereketsa chafutambuyo, inalira, anayesa kukwera. Sinapite patali, zinyenyeswa zina zinatsekanso.

Ndiye anati tiitembenuze, titsikire pansi pa chitunda pomwe pali mthunzi wa mtengo, mwina kungadutse lole. Tinavutika nayo mpaka mutu unaloza kumene tinachokera. Itangoweramira kumunsi, anaponya giya, ndipo injini inalira bwino kwambiri, mopanda n'kutsokomola komwe. Malizani anaponda buleki n'kukhala akumvetsera, galimoto ili chozondoka pachitunda pomwe inkakana. Inkangolira.

"Alamu," anandiitana, maso ali tong'o. "Paipi imamwera kumbuyo kwa thanki. Ikadzutsa mutu, zinyalala zonse zimatsetserekera komweko n'kutseka. Ikaweramitsa mutu zimathawira kutsogolo."

"Ndiye tizingotsika? Kwathu n'kumwamba!"

"Tikwera mutu uli pansi."

Anaponya livesi. Ankhalamba anabuula, ananjenjemera, n'kuyamba kukwera chitunda chafutambuyo, pang'onopang'ono ngati munthu wosenza thumba. Ine ndinkayenda pambali mwala uli paphewa, ndikukuwa kuti kumanja, kumanzere, poti galasi loonera kumbuyo panalibe. Malizani anamasula malegeni a chitseko, theka la thupi lili panja, khosi litapindika, dzanja limodzi pachiwongolero. Tinafika pamwamba. Ndinagwada pamsewu pomwepo.

Umo ndi mmene tinayendera tsiku lonse. Pansi pa chitunda chilichonse tinkaitembenuza, kukwera chafutambuyo, pamwamba n'kuitembenuzanso. Livesi ilibe liwiro, ndipo injini inkatentha mpaka madzi a mu rediyeta kuwira. Madzi a m'zigubu anatha, ndinayamba kutsikira m'makhwawa kukapala mchenga kuti ndipeze ena. Anthu a m'midzi ya m'njira ankatuluka kudzaona galimoto yoyenda chobwerera, ena akuseka, koma akaona nthambi zija ndi nkhope zathu ankaleka. Milomo ya Malizani inatupa ndi petulo uja, khosi linauma moti sankathanso kuyang'ana kutsogolo bwinobwino. Pena paliponse tikaima ankafunsa funso limodzi, osayang'ana kumbuyoko.

"Monika, akupuma?"

"Akupuma, achimwene. Yendetsani."

Titadutsa pa boma la Ntchisi n'kulowa kanjira ka kwathu, Monika anasiya kuyankha msanga. Ankayamba waika khutu pachifuwa. Nthawi ina anakhala chete motalika mpaka Malizani anazimitsa dala injini kuti amve. Kenaka tinamva kakubuula kakang'ono, ndipo tinakankhira galimoto kumtsetse kuti ilirenso. Ine miyendo inali itatha, phewa litasupuka ndi mwala, koma sindinkamva kupweteka. Ndinkangopempha Mulungu kuti atibwereke kadzuwa katsalako.

Mudzi wathu uli pamwamba pa chitunda chachitali kuposa zonse, ndipo munthu ali pabwalo amaona chilichonse chimene chikukwera. Dzuwa linali litapendeka pamene tinaitembenuza komaliza. Popeza tinkakwera chafutambuyo, Manesi ndiye anali patsogolo. Monika anamudzutsa pang'ono n'kumutsamiritsa pachifuwa pake kuti aone, ndipo anayambanso kumuimbira, tsopano mokweza, kuti asagone.

Ife sitinaganize za mmene tinkaonekera. Anthu a kwathu anaona galimoto yachilendo ikubwera pang'onopang'ono, itazingidwa ndi masamba aawisi, mayi akuimba nyimbo ya kutchalitchi kumbuyo kwake, ine nkhoswe ndikuyenda pambali mutu uli pansi. Kwathu galimoto yotere imabweretsa chinthu chimodzi chokha. Tisanafike n'pakati pomwe, ndinamva mfuu woyamba kuchokera pamwamba, kenaka wachiwiri, kenaka mudzi wonse unabuma. Azimayi a m'mudzi ankatsika kutichingamira manja ali kumutu, amuna akutulutsa kale mipando pabwalo.

Ndinaponya mwala pansi n'kuthamanga, ndikukupiza manja, ndikukuwa kuti ayi, ayi, lekani. Mawu anga anamira m'maliro. Ankayesa nanenso ndikulira.

Amayi athu anali atadzikhwekhwereza kuchoka pakhonde mpaka pakati pa bwalo, chokwawa, fumbi lili thupi lonse. Sankalira ngati enawo. Ankangoitana dzina la mwana wawo, kuliitana, kuliitananso. Malizani sakanatha kuima pachitunda popanda womutchingira mwala, choncho anapitirira kubwerera, anthu akupatuka, mpaka matayala akumbuyo anafika pafupi ndi pamene amayi anagwa. Anaponda buleki. Injini inatsokomola n'kuzima yokha.

Pamenepo pakati pa masamba panatuluka dzanja, lowonda ngati bango, n'kugwira m'mphepete mwa chitsulo.

"Amayi," anatero Manesi, "mukulira ndani? Ndabwera."

Bwalo lonse linangoti zii. Amayi anayesa kuimirira, miyendo inakana, ndipo ine ndi amuna ena tinawanyamula n'kuwakweza m'pikapumo. Anamugwira kumaso, m'makutu, m'manja, ngati akuwerenga ngati zonse zilipo. Kenaka anavula mpango wawo, anaunyowetsa ndi malovu n'kuyamba kumupukuta fumbi la m'njira, akumukalipira pansipansi kuti waonda bwanji chonchi, kodi kumeneko sankadya.

Malizani anatsika mochedwa. Khosi linali litaumira kumbali, moti ankayenda ngati nkhanu. Mkamwini salankhula ndi apongozi ake maso ndi maso, choncho anapita patali pang'ono, anagwada pafumbi, anawomba m'manja. Anatsekula pakamwa kuti apereke mawu monga mwa mwambo, koma milomo yotupa ija sinatulutse kanthu. Anayesanso, kunangotuluka mpweya wonunkha petulo.

Amayi anadzutsa mutu pakati pa masamba aja n'kumuyang'ana mwachindunji, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire mwana wawo.

"Yeremiya," anandiitana, "kamudzutse pafumbipo mwana wangayo, umupatse madzi. Ndamuona."

Manesi anakhala nafe mpaka mvula yoyamba. Amayi anamusambitsa okha tsiku lililonse, ndipo iye anamwalirira m'manja mwawo.